Zidutswa za maroketi ndi ndege ya ku Sydney yochedwa pa OR Tambo

Mayi a ku Midrand:
Moni nonse pagulu pano. Inu odziwa za ndege mundithandize. Mu Januwale 2025 kampani ya Qantas inadandaula poyera kuti ndege zake za pakati pa Sydney ndi Johannesburg zikumachedwa, zina mpaka maola 6, chifukwa cha zidutswa za maroketi a SpaceX zomwe zimagwera kum'mwera kwa nyanja ya Indian Ocean. Roketi amaiulutsira ku America, ife tili kuno, nanga zikutipeza bwanji? Ndipo ngati malo ogwera amadziwika, bwanji ndege osangolambalala n'kunyamuka pa nthawi yake?

Achimwene a ku Kempton Park:
Zikomo mayi. Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Pali zomwe eni ake amazigwetsa mwadala pamalo omwe asankha, ndiye pali zomwe zimangosiyidwa zikuzungulira dziko mpaka tsiku lomwe zidzagwe zokha. Za Qantas zija ndi zogwetsa mwadala.

Roketi ya Falcon 9 ili ndi zigawo ziwiri. Cham'munsi chimabwerera n'kutera bwinobwino, amadzachigwiritsanso ntchito. Chapamwamba ndi chomwe chimakafikitsa masetilaiti, ndipo chikawatula amayatsanso injini yake kwa kanthawi kochepa kuti liwiro lichepe, chitsike n'kukaphwasukira pamwamba pa nyanja. Tsono tengani mapu a dziko obulungira aja, chala chimodzi pa America, china kuseri kwake kwenikweni. Chachiwiricho chigwera kum'mwera kwa Indian Ocean. Kulibe midzi kumeneko, sitima n'zowerengeka, n'chifukwa chake amakukonda. Koma ndege ya ku Sydney imadutsa komweko, pakuti njira yachidule pakati pa mizinda iwiriyi imakhota kutsikira kum'mwera kwambiri, osati kulunjika kum'mawa monga mapu apakhoma amaonetsera.

Kulambalala kumatheka, koma osati tsiku lililonse. Chenjezo limabwera ngati NOTAM, uthenga womwe wokonza ulendo wa ndege amayenera kuwerenga asanapereke pulani. Mumalembedwa ngodya za dera loopsalo, nthawi yoyambira ndi yothera pa wotchi ya UTC, yomwe ife kuno timaiwonjezera maola 2, komanso masiku ena osungira ngati roketi yalephera kunyamuka tsiku loyamba. Deralo ndi mzere wautali makilomita mazanamazana. Chomwe chimapweteka n'choti nthawiyo imasinthasintha. Nyengo ikaipa ku Florida, kapena vavu ina ikavuta, amasuntha ola lonyamukira, ndipo NOTAM yatsopano imatuluka ndege itathiridwa kale mafuta. Ulendo wa maola pafupifupi 14 pamwamba pa madzi okhaokha sumangouwonjezera mtunda. Mafuta amawerengedwa potengera mphepo, kulemera kwa anthu ndi katundu, ndi bwalo lothawirako zikavuta, ndipo mabwalo otero kumeneko ndi otalikirana kwambiri. Oyendetsa nawonso ali ndi malire a maola ogwira ntchito. Ndiye kudikira pansi kumaposa kuzungulira. Komanso ndege yochedwa kuchoka ku Sydney ndi yomweyo yomwe imadzanyamula anthu pa OR Tambo, choncho kuchedwako kumagwira mbali zonse ziwiri.

Wophunzira wa ku Braamfontein:
Akuluakulu, ine ndimadziwa kuti chilichonse cholowa mumpweya kuchokera kumwamba chimapserera chisanafike pansi. Si choncho kodi?

Bambo a ku Boksburg:
Ayi mwana wanga, chimapsa chambiri koma osati chonse. Chinthu chozungulira dziko chapafupi chimathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Chikayamba kukumana ndi mpweya wokhuthala chimatentha, ndipo pamtunda wa makilomita 70 mpaka 80 kuchokera pansi chimagawanika. Kuyambira pamenepo chidutswa chilichonse chimayenda pachokha, ndipo kupulumuka kwake kumatengera chitsulo chomwe anapangira. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndiye zikhoma zambiri zimatha. Titanium amafuna madigiri opitirira 1,600. Zitsulo zosachita dzimbiri nazo n'zolimba pamoto. Choncho zomwe zimatoledwa pansi kawirikawiri ndi zomwezomwezo: matanki a mafuta, mipira yosungira gasi yokulungidwa ndi ulusi wa kaboni, ndi mbali za injini. Pa chinthu chachikulu akatswiri amayerekeza kuti 10 mpaka 40 peresenti ya kulemera kwake ikhoza kufika pansi.

Thanki yopanda kanthu imapulumuka pa chifukwa china chomwe ambiri sachiganizira. Ndi yaikulu koma yopepuka, ndiye mpweya umaichepetsa liwiro msanga ikadali kumtunda, motero sitentha nthawi yaitali. Chinanso, chomwe chili mkati mwa chinzake chimatetezedwa mpaka chakunjacho chitatha.

Umboni sitiufuna kutali. Mu Epulo 2000 zidutswa za roketi ya Delta II zinagwa ku Western Cape: thanki yolemera makilogalamu oposa 200 pafupi ndi Durbanville, ndi zina chakumtunda ku Worcester ndi Robertson. Mu Meyi 2020 mapaipi a roketi ya ku China ya Long March 5B anagwera m'midzi ya ku Côte d'Ivoire. Pa 30 Disembala 2024 mkombero wachitsulo wa makilogalamu pafupifupi 500, wotambalala mamita 2.5, unagwa m'mudzi wa Mukuku ku Makueni, Kenya. Ku Naples, Florida, mu Malichi 2024, kachitsulo kosakwana kilogalamu imodzi kochokera pa mabatire omwe anatayidwa ku International Space Station, siteshoni yozungulira dziko yomwe mumakhala anthu, kanabowola denga la nyumba. Mabatirewo ankayembekezeka kupserera onse.

Akulu a ku Turffontein:
Ndikumva zonsezi, koma tisaopseze anthu omwe akukonzekera ulendo wa kumudzi. Chiyambire kuulutsa masetilaiti mu 1957 palibe ndege yonyamula anthu yomwe inagwapo chifukwa chogundidwa ndi zinyalalazi. Ofufuza a ku University of British Columbia anawerengetsa kuti m'chaka cha 2023 mpata woti chidutswa cha roketi chigunde ndege ina iliyonse padziko lonse unali umodzi pa 430,000. Msewu wa N1 kupita ku Beitbridge mu Disembala ndi woopsa kutalitali. Ine ndimaona kuti kutseka mlengalenga n'kuchita mantha opitirira.

Bambo a ku Boksburg:
Pa mpata wochepawo sindikutsutsani akulu. Koma taonani chomwe chingachitike zitagundana. Chidutswa chikamafika pomwe ndege zimauluka, makilomita 10 mpaka 12, chimakhala chitachepetsedwa liwiro kalekale, chikungogwa. Mphamvu yogundira imachokera ku ndegeyo, yomwe ikuthamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola, kapena mamita 250 pa sekondi. Kachitsulo ka magalamu 300 pa liwiro limenelo kali ndi mphamvu yofanana ndi thumba la simenti la makilogalamu 50 logwa kuchokera pamwamba mamita 19, koma yonseyo itaunjikana pa kamalo ngati chibakera. N'chifukwa chake ku America powerengetsa ngozi amatenga magalamu 300 ngati muyeso wa chidutswa chomwe chingagwetse ndege yaikulu.

Galasi lakutsogolo amaliyesa ndi mbalame ya makilogalamu 1.8, ndipo injini amaziyesanso ndi mbalame. Koma mbalame ndi nyama, imaphwanyika. Titanium akalowa mu injini amathyola mapeni ozungulira aja. Ndiye woyendetsa alibe chomuchenjeza: TCAS, chipangizo choletsa ndege kugundana, chimangoona ndege zinzake zomwe zikuulutsa chizindikiro, ndipo rada ya kumphuno inapangidwira mitambo ya mvula.

Achemwali a ku Randburg:
Ndilowepo pa zomwe zimagwa zokha, chifukwa vuto lalikulu lili pamenepo. Asilikali a ku America amatsata zinthu zikwi makumi angapo zomwe zikuzungulira dziko, ndipo china chikatsala masiku ochepa kuti chigwe amatulutsa uthenga wolosera pa tsamba la pa intaneti la Space-Track, n'kumaukonza pomwe nthawi ikuyandikira. Maiko a ku Ulaya ali ndi gulu lawo la EU SST. Onsewa ali ndi makina abwino, koma kulosera kwawo kumaphonya ndi pafupifupi 20 peresenti ya nthawi yotsala, cham'mbuyo kapena cham'tsogolo.

Tiwerengetse. Kwatsala maola 10, ndiye kuti chikhoza kufulumira ndi maola 2 kapena kuchedwa ndi maola 2. Ndi mpata wa maola 4. Chinthucho chimazungulira dziko kamodzi pa mphindi 90, ndiye m'maola 4 chazungulira pafupifupi katatu, makilomita oposa 100,000. Ndipo sichibwerera m'mapazi mwake, chifukwa dziko nalo likutembenuka pansi pake. Mzere uliwonse umasunthira kumadzulo ndi makilomita pafupifupi 2,500 pa equator. Kuphonya ndi mphindi imodzi yokha ndi makilomita 470. Mtunda wa kuchoka pano kukafika ku Lilongwe, womwe ndege imatenga maola awiri ndi kanthu, chidutswa chimaudutsa m'mphindi zitatu.

Chimene chimasokoneza ndi mpweya wopyapyala wa kumtunda kwenikweni. Dzuwa likalusa umatentha n'kufufuma, ndipo umakoka zinthu mwamphamvu kuposa dzulo lake. Mu Febuluwale 2022 masetilaiti 38 mwa 49 a Starlink omwe anali atangoulutsidwa anagwa chifukwa cha zimenezi. Pa nkhani ya dzuwayi South Africa ili ndi malo ake owunikira, a bungwe loona za mlengalenga la SANSA ku Hermanus, omwe amatumikiranso zandege. Chachiwiri, roketi yakufa imagubuduzika: pena ikuyenda chamutu, pena cham'mbali, ndipo kukoka kwa mpweya kumasintha ndi mmene yatembenukira.

Chodziwika motsimikiza ndi malire okha. Chinthu sichingagwe kupitirira kupendekeka kwa njira yake. Long March 5B inkayenda yopendekeka madigiri 41.5, ndiye paliponse pakati pa 41.5 kumpoto ndi 41.5 kum'mwera panali pangozi. Johannesburg ili pa 26 kum'mwera, Lilongwe pa 14. Tonse tili mkati.

Akulu a ku Turffontein:
Achemwali, mwandiperekera umboni nokha. Pa 4 Novembala 2022 dziko la Spain linatseka mbali ya mlengalenga wake, kuphatikizapo Barcelona, chifukwa cha roketi ina ya mtundu womwewo wa Long March 5B, chigawo cholemera matani oposa 20. France inatsekanso kum'mwera kwa Corsica. Ndege mazanamazana zinachedwa. Roketi inakagwera ku Pacific, kuseri kwa dziko. Anthu anaphonya maulendo awo pachabe.

Achemwali a ku Randburg:
Pachabe timanena lero titadziwa komwe inagwera, akulu. M'mawa umenewo mzere umodzi mwa yotsala unkadutsa pamwamba pa Spain, ndipo panalibe munthu padziko lapansi wonena motsimikiza kuti sigwera pamenepo. Komabe mfundo yanu ili ndi mbali yoona yomwe sinenedwa mokwanira. Kutseka nako kuli ndi ngozi yake. Ndege zomwe mwazithamangitsa sizisowa, zimakaunjikana m'madera oyandikana, owongolera ndege amachulukidwa, zina zimayamba kuzungulira mafuta akutha. Ndipo kafukufuku yemwe mwatchulayo anapezanso kuti m'madera odzaza ndege ngati kumpoto kwa Ulaya ndi kumpoto chakum'mawa kwa America, chaka chilichonse pali mpata wa 26 peresenti woti roketi yosawongoleredwa igwe modutsa m'menemo. Ndiye funso la kutseka kapena kusatseka lizibwera pafupipafupi, pomwe ndege ndi maroketi zonse zikuchuluka.

Achimwene a ku Kempton Park:
Pakati pa kutseka dziko lonse ndi kungokhala chete pali njira ina, ndipo kwa ine ndi pomwe ndalama ziyenera kupita. Chinthu chikagawanika pa makilomita 80, zidutswa zolemera zimatenga mphindi zingapo kuti zifike pomwe pali ndege, zopepuka zimatenga mphindi makumi angapo ndipo mphepo imazikankha. Dera lomwe zimamwazika ndi lalitali koma lopapatiza, makilomita makumi angapo m'lifupi. Ndege imayenda makilomita 15 pa mphindi. Ndiye woyendetsa akauzidwa nthawi yomweyo kuti khotera kumanja, m'mphindi zochepa watuluka. Nthawi ilipo, chosowa ndi uthenga wofika msanga.

Anthu anaphunzira izi pa 1 Febuluwale 2003, chombo cha Columbia chitaphwasuka pamwamba pa Texas n'kupha anthu 7 omwe anali mkati. Zidutswa zoposa 80,000 zinatoledwa pansi, ndipo pomwe zinkagwa ndege zinkadutsabe chifukwa owongolera analibe njira yodziwira. Palibe ndege yomwe inagundidwa, koma unali mwayi. Yerekezani ndi 16 Januwale 2025, roketi ya SpaceX ya Starship itaphulika zidutswa n'kumwazika cha ku Turks and Caicos: a FAA, oyang'anira zandege ku America, anali atajambuliratu dera loopsa, analilengeza pomwepo, ndege zina zinaimitsidwa, zina zinapatutsidwa. Pa 6 Malichi zinachitikanso ndipo anaimitsa kaye ndege ku Miami, Fort Lauderdale, Palm Beach ndi Orlando. Zinatheka chifukwa roketiyo inali yamoyo, ikutumiza komwe ili mpaka sekondi yomaliza. Roketi yakufa situmiza kanthu. Ikhoza kugawanika pamwamba pa nyanja popanda woiona, n'kudzatsimikizika patapita maola.

Kwathu kuno palinso vuto lachiwiri. A ATNS, owongolera ndege kuno ku South Africa, amayang'anira madera a Johannesburg, Cape Town ndi Johannesburg Oceanic, lomwe ndi dera lalikulu la pamwamba pa nyanja. Pamtunda owongolera ali ndi rada ndi wailesi ya VHF, mawu amafika pompopompo. Pakati pa nyanja rada ya pansi sifika, amalankhulana pa wailesi ya HF yomwe imasokosera, kapena pa mauthenga olemba a CPDLC. Kutembenuza ndege kumeneko kumatenga nthawi, n'chifukwa chake amasankha kutseka dera lonse pasadakhale.

Mayi a ku Midrand:
Nanga amalipira ndani zonsezi? Roketi ndi ya wina, ovutika ndi ena.

Achimwene a ku Rosettenville:
Mayi, pamenepo ndi pomwe lamulo linatsalira. Pangano la maiko la 1972 limanena momveka kuti dziko lomwe laulutsa chinthu liyenera kulipira chikawononga pansi kapena chikagunda ndege ili kuuluka, ndipo wodandaula safunika kusonyeza kuti panali kusasamala. Koma mlandu ndi wa boma ndi boma, munthu sangapite yekha ndi panganoli. Linagwirapo ntchito pa nkhani ya Kosmos 954, setilaiti ya Soviet Union yokhala ndi mphamvu ya nyukiliya yomwe inamwazika kumpoto kwa Canada mu Januwale 1978. Pamapeto pake analipira madola a ku Canada 3 miliyoni. Tsono kuwonongeka komwe panganoli limatchula ndi imfa, kuvulala ndi katundu. Kuchedwa kwa ndege, mafuta owonjezera, hotelo ya okwera, zonsezi zimatsalira kampani ya ndege ndi okwerawo.

Palibenso pangano lokakamiza maiko onse kugwetsa maroketi awo mowongolera. Pali miyeso yomwe ambiri amatsata: ngati mpata wovulaza munthu pansi ukuposa umodzi pa 10,000, chinthucho chigwetsedwe mwadala. Malo otchuka ndi kum'mwera kwa Pacific, cha ku Point Nemo, makilomita pafupifupi 2,700 kuchokera ku chilumba chapafupi. Mir, siteshoni ya kumwamba ya dziko la Russia, inagwetsedwa chakumeneko mu Malichi 2001. Luso lilipo. Chomwe amakana eni maroketi ndi mtengo wake, chifukwa mafuta omwe wasungira kugwetsa roketi ndi katundu yemwe sunanyamule. Ine ndimati amene waulutsa ndiye asenze mtengowo, osati mayi wodikira pa benchi pa OR Tambo.

Bambo a ku Boksburg:
Ndionjezere kuti ngakhale yowongolera imalephera. Mu Febuluwale 2025 chigawo chapamwamba cha Falcon 9 sichinathe kuyatsa injini yotsikira, chinazungulira masabata angapo, kenako chinagwa chokha pa 19, matanki n'kupezeka pafupi ndi Poznań ku Poland. Kutayika kwa mafuta pang'ono kokha kumasandutsa yowongolera kukhala yongogwa.

Akulu a ku Turffontein:
Pa zoti eni ake azigwetsa mowongolera, ndili nanu. Koma azipereka nthawi yeniyeni ndi dera lochepa, osati kutseka nyanja yonse masiku angapo. Zimenezo ndi zomwe a Qantas ankapempha, ndipo anali ndi mfundo.

Wophunzira wa ku Braamfontein:
Funso lomaliza kwa ine. Munthu ukaona moto ukudutsa kumwamba usiku, ungadziwe bwanji kuti ndi zinyalala kapena mwala wachilengedwe? Nanga chikagwa pamunda?

Achemwali a ku Randburg:
Werenga masekondi, mchimwene wanga. Mwala umalowa ndi liwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi, ndiye umang'anima masekondi ochepa n'kuzima. Zinyalala zimayenda pang'onopang'ono poyerekeza, mopingasa, kwa theka la mphindi kapena kupitirira, zikugawanika kukhala timoto tambiri totsatana mzere umodzi. Pa 25 Ogasiti 2024 ku Eastern Cape anthu ambiri anayamba kunena kuti ndi setilaiti, koma akatswiri a ku Wits, Rhodes ndi Nelson Mandela University anatsimikiza kuti unali mwala, womwe tsopano umatchedwa Nqweba. Ukajambula pafoni, lemba nthawi yeniyeni, malo omwe unaima ndi mbali yomwe unayang'ana. Kanema wopanda zimenezi sathandiza otsata.

Chikagwa, osachigwira, osachinunkhiza, ana atalikire, ndipo uime mbali yomwe mphepo ikuchokera. Matanki ena amatsala ndi hydrazine, mafuta apoizoni omwe amawotcha khungu ndi mapapo, ena amakhala akadali ndi gasi wopanikizika, ndipo ulusi wa kaboni wopsa umalasa ngati minga. Jambula uli patali, uza apolisi, kuno uzanso a SANSA. Osapita nacho kwa ogula zitsulo zakale: pangano la 1967 limati chinthucho chimakhalabe cha eni ake, ndipo la 1968 limati chibwezedwe akachipempha.

Mayi a ku Midrand:
Zamveka. Ndiye wachibale wochokera ku Australia wopita ku Blantyre kudzera pano akonze bwanji ulendo?

Achimwene a ku Kempton Park:
Agule tikiti imodzi yolumikiza ulendo wonse ngati zingatheke, mayi, chifukwa ndege yoyamba ikachedwa kampani ndiyo imamupezera ina. Akagula ziwiri zosiyana, akaphonya ya ku Chileka ndi zake, agulanso. Zikatero asiye usiku wonse pakati, agone kuno, anyamuke mawa lake. Aike nambala ya foni yogwira ntchito pa tikitiyo, chifukwa kusintha kwa nthawi kumabwera mochedwa, nthawi zina tsiku lomwelo. Inu opita kukamuchingamira muyang'ane nambala ya ndegeyo, QF63, pa intaneti m'mawa: ikanyamuka ku Sydney, onjezerani maola 14, ndipo musanyamuke ku Midrand musanaone kuti yanyamukadi.